Malo Ndi Anu, Koma Kodi Mungamangepo Chilichonse?

Mlimi akamaliza maphunziro ake pano n'kubwerera kwawo, maganizo ake sakhala pa mizere ya chimanga yokha. Amafuna khola la nkhuku la njerwa zootcha, shedi yosungiramo zokolola, chitsime chabwino, mwinanso chigayo kapena shopu m'mbali mwa msewu. Ambiri a ife timayesa kuti funso lofunika tisanayambe kukumba maziko ndi limodzi lokha: kodi malowa ndi anga? Koma malamulo a dziko la Zambia amafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti malowo ali m'manja mwa yani. Lachiwiri ndi lakuti malowo anaikidwira ntchito yanji. Loyamba limayankhidwa ndi mfumu kapena ndi taitolo, pamene lachiwiri limayankhidwa ndi pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo. Munthu angathe kupambana pa funso loyamba n'kugwa pa lachiwiri, ndipo akagwa, chimene chimatayika ndi njerwa, malata ndi ndalama za zokolola za zaka zingapo.

Nkhani ino ikufotokoza mmene funso lachiwirili linafikira ku midzi yathu, mizere imene ikudulidwa kale pa mapu a boma la Rufunsa, ndi zimene mlimi ayenera kuchita asanagule thumba loyamba la simenti.

Mmene zinalili kale

Kugawa dziko pa mapu sikunayambe lero. Mu 1928 boma la atsamunda linapatula malo otchedwa Native Reserves, ndipo mu 1947 linawonjezerapo ena otchedwa Native Trust Land. Malo achonde a m'mbali mwa njanji anakhala a boma, ndipo Asoli, eni nthaka imene mzinda wa Lusaka unamangidwapo, anaona malo awo akuchepa, makamaka mzindawo utasanduka likulu la dziko mu 1935. Ufulu utabwera, boma la Dr Kenneth Kaunda linathetsa umwini wamuyaya wa malo mu 1975, n'kuusandutsa lendi ya zaka 100. Kenaka lamulo la malo la 1995 linaika nthaka yonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu onse a m'dziko, linaphatikiza malo opatulidwa aja kukhala malo a mwambo, ndipo linavomereza kuti amene ali pa malo mwa mwambo ali ndi ufulu wodziwika ndi lamulo.

M'zaka zonsezi lamulo loyang'anira mamangidwe, lotchedwa Town and Country Planning Act, la m'chaka cha 1962, linkagwira ntchito pa malo a boma: m'mizinda, m'matauni ndi m'mafamu a taitolo. Ku malo a mafumu silinkafika, pokhapokha boma litalamula mwapadera. N'chifukwa chake makolo athu sankadziwa za chilolezo chomangira. Nyakwawa ikaloza pomanga, nkhani yatha. Chizolowezi chimenechi chidakali m'mitima mwathu, koma lamulo limene chinatsamirapo linafafanizidwa.

Zimene zinasintha mu 2015

Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano, Urban and Regional Planning Act, nambala 3 ya chaka chimenecho. Lamuloli linalowa m'malo mwa lija la 1962 pamodzi ndi lina loona za nyumba za m'makomboni. Kusintha kwake kwakukulu n'kwakuti mapulani tsopano amayang'ana dziko lonse, osati matauni okha.

Mapulaniwa ali ngati makwerero. Pamwamba pali ndondomeko ya dziko lonse. Pansi pake pali mapulani a madera akuluakulu ndi a zigawo, monga chigawo chathu cha Lusaka. Kenaka pali pulani ya boma lililonse, yotchedwa Integrated Development Plan, kapena mwachidule IDP, imene khonsolo imakonza poyang'ana zaka khumi zam'tsogolo. Pansi penipeni pali mapulani a madera ang'onoang'ono, monga malo a malonda kapena tauni imene ikukula. Pulani ya pansi siyenera kutsutsana ndi ya pamwamba. Motero chigamulo chopangidwa ku Lusaka, chonena za msewu waukulu, nthambo za magetsi kapena nkhalango, chimatsika makwerero onsewa mpaka kufika pa munda wa munthu ku Chinyunyu kapena ku Chimusanya.

Mkati mwa IDP muli mapu osonyeza ntchito ya dera lililonse: apa n'paulimi, apa n'panyumba, apa n'pamalonda, apa padzakhala sukulu kapena chipatala, apa padzadutsa msewu, apa n'posayenera kumangapo. Mapu amenewa ndi amene akuluakulu oona za mapulani amatsegula munthu akabwera kudzapempha chilolezo chomangira.

Nanga pulani imalowa bwanji pa malo a mfumu? Gawo 25 la lamuloli likuti khonsolo ingathe kuchita pangano ndi mfumu imodzi kapena angapo, kuti pulani igwire ntchito m'dera lawo. M'panganolo amagwirizana za malo amene alowe m'pulani, ntchito imene malowo apatsidwe, ndi zinthu zimene zidzafune chilolezo. Pali mfundo ina imene ambiri saidziwa: ngati mfumu kapena khonsolo yakana kusaina, nduna ya boma, itakambirana ndi Pulezidenti, ingathe kusaina panganolo ngati ikuona kuti n'lokomera anthu onse, ndipo likatero limamanga mbali zonse ziwiri. Tsono mfumu ikadali khomo lolowera pa malo a mwambo, koma si yokhanso imene ili ndi mawu pa ntchito ya malowo.

Izi sizikutanthauza kuti nkhokwe iliyonse kapena khola la mbuzi la pamudzi lifunika kalata ya ku khonsolo. Kumene pangano lotere silinafike, kagawidwe ka malo ndi mamangidwe a pamudzi akuyendabe m'manja mwa mfumu ndi nyakwawa monga kale. Koma pa malo a taitolo, m'malire a tauni, ndi m'madera amene alowa m'pangano, lamulo ndi lomveka: munthu asamange, asasinthe ntchito ya malo, ndiponso asawaduledule popanda chilolezo.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza Rufunsa

Boma la Rufunsa ndi laling'ono pa msinkhu. Linapatulidwa ku boma la Chongwe mu ulamuliro wa Pulezidenti Michael Sata. Malo ake ambiri ali pansi pa mafumu atatu: a Mpanshya, a Shikabeta ndi a Bunda Bunda. Kalembera wa 2022 anapeza kuti muno muli anthu oposa 80,000. Boma latsopano limafuna malo a maofesi, nyumba za ogwira ntchito, misika ndi misewu, ndipo malo amenewo sangachokere kwina koma kwa mafumu. Malo akaperekedwa kuti akhale tauni, amachoka m'manja mwa mwambo n'kukhala a boma, ndipo kuyambira tsiku limenelo amene amagawa mapuloti ndi kuvomereza mamangidwe si nyakwawanso.

Chinanso ndi kukula kwa Lusaka. Mu 2009 akatswiri a bungwe la ku Japan la JICA anathandiza kukonza pulani ya mzindawo, ndipo pulaniyo inafika mpaka ku mbali zina za Chongwe, Chibombo ndi Kafue. Amene amayenda pa msewu wa Great East aona okha mmene minda ya pakati pa Lusaka ndi Chongwe yasandukira mapuloti ndi mipanda ya njerwa. Ofuna malo akusunthira kum'mawa, ndipo ife ndife otsatira. Kuwonjezera apo, ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, kutanthauza kuti makalasi, zipatala zazing'ono ndi misika zikumangidwa kuposa kale, ndipo chilichonse mwa izi chimafuna malo.

Mizere inayi imene ilipo kale

Ngakhale pangano la mfumu ndi khonsolo lisanafike pamudzi panu, pali mizere ina imene malamulo ena anadula kale, ndipo pulani ya boma imangoilemba pa mapu ake.

Woyamba ndi wa msewu. Lamulo la misewu la 2002 likuti malo a msewu waukulu wolumikiza maiko, monga Great East, ndi mamita 100 m'lifupi, ndiye kuti mamita 50 mbali iliyonse kuyezera pakati pa msewu. Misewu ikuluikulu ina ndi mamita 60, ndipo ya m'maboma ndi mamita 36. Tiyeni tiwerengere. Tinene kuti munda wanu wayambira mamita 20 kuchokera pakati pa Great East, ndipo watsata msewuwo mamita 200. Ndiye kuti mamita 30 oyamba a mundawo ali m'malo a msewu. Mamita 30 kuchulukitsa ndi 200 ndi masikweya mita 6,000, omwe ndi oposa malima awiri. Pamenepo m'pamene aliyense amafuna kumanga shopu, popeza m'pamene galimoto zimaima, koma m'pamenenso bungwe la Road Development Agency lingagwetse chomangidwa tsiku limene msewu ukukulitsidwa.

Wachiwiri ndi wa nyama zakutchire. Kum'mwera kwathu kuli Lower Zambezi National Park, ndipo mbali ina ya boma lino ili m'dera lotchedwa Rufunsa Game Management Area. M'dera lotere anthu amaloledwa kukhala ndi kulima, koma lamulo la nyama zakutchire la 2015 likuti wokhalamo atsate pulani yoyendetsera deralo, imene imasiyanitsa malo okhala anthu ndi malo osiyira nyama. Wofuna taitolo m'dera limeneli amafunikanso chivomerezo cha mkulu wa nthambi yoona za nyama zakutchire, kuwonjezera pa cha mfumu ndi cha khonsolo.

Wachitatu ndi wa nkhalango. Lamulo la nkhalango la 2015 limaletsa kumanga kapena kulima popanda chilolezo m'nkhalango zotetezedwa ndi boma. Limapatsanso midzi mwayi wopanga magulu osamalira nkhalango zawo. Mudzi ukavomereza kuti phiri lakutilakuti likhale nkhalango ya gulu, ndiye kuti wadzidulira wokha mzere, ndipo ngakhale mwana wa pamudzipo sangakatsegulemo munda kapena kumangamo nyumba mwa kufuna kwake.

Wachinayi ndi wa madzi. Madzi a m'mitsinje ndi a pansi pa nthaka amayang'aniridwa ndi bungwe la WARMA, pansi pa lamulo la 2011, ndipo kuyambira mu 2018 zitsime zobowola ndi makina zimayenera kulembetsedwa. Damu la nsomba kapena lothirira si nkhani ya mwini munda yekha, pakuti madzi amene iye watseka ndi amene a kumunsi akuyembekeza. Ntchito zikuluzikulu zimafunanso chivomerezo cha bungwe loona za chilengedwe la ZEMA.

Taitolo si chilolezo chomangira

Ophunzira ambiri amalakalaka taitolo, ndipo n'zomveka, pakuti mabanki amaifuna ngati chikole. Njira yake ndi iyi: mfumu ivomereze polemba, khonsolo iyendere malowo ndi kuona ngati palibe ena amene ali ndi ufulu pamenepo, kenaka pempho lipite kwa Commissioner of Lands. Malo oyezedwa ndi katswiri amapatsidwa lendi ya zaka 99. Malangizo a boma a 1985 anaika malire a mahekitala 250 pa malo amene khonsolo ingavomereze munthu mmodzi pa nthaka ya mwambo.

Koma taitolo imabwera ndi goli lake. Malo akatembenuzidwa amakhala a boma, mwini amayamba kulipira lendi ya nthaka chaka ndi chaka, ndipo m'chikalatamo mumalembedwa ntchito ya malowo. Ngati munalembedwa kuti ndi aulimi, ndiye kuti kutsegulapo malo ogona alendo, sukulu kapena mzere wa mashopu n'kusintha ntchito ya malo, ndipo kumafuna chilolezo. Kudula famuyo kuti mugulitse mapuloti kumafunanso chilolezo. Wogula puloti yodulidwa popanda chilolezo amavutika kupeza taitolo yakeyake, ndipo mlandu umabwerera kwa wogulitsa. Komanso amene waphwanya mfundo za lendi angathe kulandidwa malowo ndi boma, ndipo akalandidwa sabwerera kwa mfumu. Munthu amene anali womasuka kumanga mwa mwambo amapezeka kuti, potenga taitolo, walowa yekha pansi pa pulani. Sitikunena kuti taitolo ndi yoipa, koma kuti munthu aitenge akudziwa chimene wasenza.

Kalata ya mfumu nayonso ili ndi malire ake. Ndi umboni wamphamvu wakuti munapatsidwa malo mwa mwambo, ndipo muyenera kuisunga bwino. Koma si taitolo, ndipo m'dera limene lalowa m'pulani si chilolezo chomangira.

Pulani ikasintha

Mzere wa pa mapu sukhala pamalo amodzi mpaka kalekale. Chitsanzo chili pafupi. Nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka yodziwika kuti Forest 27, kumene mtsinje wa Chalimbana umayambira, inatetezedwa mu 1957. Chitetezocho chinachotsedwa mu 1983, chinabwezeredwa mu 1996 anthu a m'mbali mwa mtsinjewo atadandaula kuti madzi akuphwa, ndipo kuyambira mu 2017 zigawo zina zinachotsedwanso n'kugawidwa mapuloti, zimene zinabutsa milandu m'makhoti. Nthaka ndi yomweyo, koma ufulu womangapo unatseguka ndi kutsekeka kangapo, ndipo nthawi iliyonse panali opindula ndi otaya, kuphatikizapo alimi a kumunsi amene sanamange kanthu koma amadalira mtsinjewo.

Kusintha kwa pulani kumakhudza anthu m'njira zitatu. Amene anamanga kale ndi chilolezo amakhala pabwino. Ngati chilolezo chake chasinthidwa kapena kuchotsedwa iye atawononga kale ndalama, lamulo limam'tsegulira njira yopempha chipukutamisozi, ndipo ngati boma likufuna malowo pa ntchito yokomera onse, liyenera kutsata lamulo lotengera malo ndi kulipira. Amene ali ndi malo koma sanamange, pempho lake lidzayezedwa ndi pulani yatsopano, osati yakale. Munda umene dzulo ukanaloledwa kukhala ndi chigayo ungathe kupezeka mawa uli m'dera la nyumba zokha kapena panjira ya msewu. Mwinanso zingam'komere: malo aulimi akaikidwa m'dera la malonda, mtengo wake umakwera, ngakhale kuti khola la nkhumba silidzaloledwanso pamenepo. Amene anamanga popanda chilolezo pamene chinkafunika ndiye ali pa ngozi. Angathe kupatsidwa kalata yomulamula kuti aime kapena agwetse chimene wamanga, ndipo alibe poimira popempha malipiro. Mu Ogasiti 2022 khonsolo ya Chingola inagwetsa nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe. Ambiri mwa eni nyumbazo ankati anagula mapulotiwo ndi ndalama zawo, koma pa mapu malowo anali a bwalo la ndege.

Wokanidwa chilolezo sikuti watsekeredwa njira zonse. Lamulo la 2015 linakhazikitsa mabwalo omva madandaulo a za mapulani, kumene munthu angakachite apilo. Milandu ya umwini wa malo imapita ku bwalo lina, la Lands Tribunal. Apilo imakhala ndi nthawi yake, choncho kalata yokukanani musaiike pansi pa mphasa.

Zoyenera kuchita

Choyamba, dziwani mtundu wa malo anu: kodi ndi a mwambo, a taitolo, a m'malire a tauni, kapena a m'dera la nyama zakutchire? Funsani a nyakwawa ngati mfumu inachita pangano ndi khonsolo lokhudza dera lanu.

Chachiwiri, musanaumbe njerwa za chinthu chachikulu, pitani ku ofesi ya mapulani ku khonsolo mukaone mapu. Nyamulani kalata ya mfumu kapena taitolo, ndi chojambula chosonyeza pamene mukufuna kumanga. Funsani mafunso atatu: dera lino laikidwira ntchito yanji, pali msewu kapena nthambo za magetsi zimene zidzadutsa pano, ndipo chimene ndikufuna kumangachi chikufuna chilolezo kapena ayi? Pemphani kuti yankho likhale lolembedwa. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo mtengo wa basi yopita ku khonsolo sufika ngakhale pa mtengo wa malata awiri.

Chachitatu, ngati muli m'mbali mwa msewu, yezani ndi chingwe kuyambira pakati pa msewuwo. M'malo a msewu musamangemo chanjerwa.

Chachinayi, pogula malo musakhutire ndi mawu a wogulitsa kapena a munthu wa chipani. Khansala payekha alibe mphamvu yogawa malo. Onani mabikoni, lankhulani ndi oyandikana nawo, ndipo ngati pali taitolo, kaifufuzeni ku Unduna wa Malo.

Chachisanu, sungani mapepala onse pamalo amodzi: kalata ya mfumu, malisiti, chilolezo, chojambula cha nyumba. Mayi ndi bambo onse adziwe pamene ali, ndipo ngati n'kotheka maina a onse awiri alembedwe, pakuti mikangano yambiri ya malo imabuka mmodzi akamwalira.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo ichi n'chachikulu pa zonse: khalani nawo pamene pulani ikukonzedwa. Lamulo limalamula khonsolo kumva maganizo a anthu ndi kuika pulaniyo poyera isanavomerezedwe, kuti wotsutsa atsutse. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 2019 linakhazikitsa makomiti a chitukuko m'wadi iliyonse, ndipo amenewo ndiwo njira yapafupi yofikitsira mawu anu. Wojambula mapu ali mu ofesi sadziwa pamene ng'ombe zanu zimamwera madzi mu Okutobala, pamene pali manda a makolo, dambo limene amayi amalimamo ndiwo, kapena njira imene ngolo zimadutsa popita kumsika. Pa mapu ake malo amenewo amaoneka opanda kanthu, ndipo malo ooneka opanda kanthu ndi amene amayamba kupatsidwa ntchito ina. Akauzidwa nthawi idakalipo, angathe kuwalemba ngati malo odyetsera ziweto kapena otetezedwa, ndipo mzere womwe uja umene timauopa umasanduka mpanda wotchinjiriza mudzi.

Inu amene munaphunzira pano muli ndi mwayi umene anzanu ambiri alibe. Mumadziwa kuyeza munda, kuwerenga mapu ndi kulemba lipoti. Khalani pansi ndi a nyakwawa ndi akuluakulu a pamudzi, mujambule minda, madambo, zitsime, manda ndi nkhalango zanu pa pepala limodzi, ndipo pepalalo mukalipereke kwa mfumu ndi ku komiti ya wadi. Msonkhano wa za pulani ukaitanidwa, musatume ana kapena kunena kuti ndi za anthu a m'tauni. Kutsutsa mzere udakali wa pensulo n'kwapafupi. Ukasainidwa, umamanga inu ndi ana anu kwa zaka khumi kapena kuposerapo.